Mafoni akufa amene asonkhana pansi pa bedi: muchite nawo chiyani?

Tikusamuka nyumba chaka chatha, mayi a kunyumba anasolola kachikwama kakale pansi pa bedi n'kukakhuthulira pamphasa. Munatuluka mafoni 7: Nokia ya malemu bambo anga, ma itel awiri a mabatani, Tecno yosweka sikirini imene mwana anagwetsa pakhonde, Samsung yotupa mimba ngati yadya nyemba, ndi ena awiri amene tonse tinaiwala kuti anali a ndani. Mawaya a machaja anali atapotana ngati mpiru wa m'thumba.

"Kodi abambo, zinyalala izi tikusamuka nazo?"

Ndinasowa choyankha, chifukwa kutaya sindinkafuna, koma chosungira ndinalibenso. Ndipo sindili ndekha. Bungwe la WEEE Forum, loona za zinyalala za zipangizo zamagetsi, linawerengera kuti m'chaka cha 2022 chokha mafoni pafupifupi 5.3 biliyoni anasiya kugwiritsidwa ntchito padziko lonse, ambiri mwa iwo n'kungogonekedwa m'madilowa ndi m'makatoni. Timawasunga pa zifukwa zodziwika: muli zithunzi ndi mauthenga athu, timadzinamiza kuti tidzakonzetsa malipiro akatuluka, komanso sitidziwa kokawasiya. Potsiriza foniyo imaseweretsedwa ndi ana, kenako imagwera kudzala kapena m'chimbudzi. Zimene ndalemba apa ndi ndondomeko imene ndinatsata ndi mafoni 7 aja, ndi zimene ndingakuuzeni mutandifunsa.

Choyamba, yalani onse pansi muwasankhe

Fufuzani m'nyumba monse, ndi m'masutikesi momwe. Foni iliyonse imene batire lake latupa, kapena imene chivindikiro chake chakankhika chokha, iikeni payokha ndipo musayese kuitchaja. Otsalawo atchajeni ndi chaja ndi waya zimene mukudziwa kuti n'zamoyo, kwa ola lathunthu, chifukwa batire limene lakhala miyezi lili mbee silidzuka msanga. Musanatero, tokosani pang'onopang'ono pakamwa potchajira ndi kamtengo ka machesi kosongola, osati singano kapena phini. Mudzadabwa ndi thonje ndi fumbi lotulukamo. Imodzi mwa ma itel athu inali "itafa" ndi fumbi basi.

Mukatero mukhala ndi milu itatu: oyaka, okayikitsa, ndi akufa ndithu.

Chachiwiri, chotsanimo moyo wanu

Apa m'pamene muyenera kudekhapo, chifukwa foni ikachoka m'manja mwanu simudzaibwezanso.

Yambani ndi zooneka. Tulutsani simukhadi, ndipo kumbukirani kuti mafoni ambiri kuno amalowa awiri. Tulutsaninso memorikhadi, kamene anthu ambiri amakaiwala chifukwa m'mafoni a mabatani kamabisala kunsi kwa batire. Simukhadi musaione kuchepa. Inalembetsedwa ndi chiphaso chanu cha unzika, ndiye wina akaitola n'kuyamba kuimbira anthu kuti "tumizani ndalama ija panambala iyi", apolisi adzayamba kugogoda pakhomo panu. Airtel Money ndi Mpamba zimayendanso ndi nambala, osati ndi foni. Ngati nambalayo simuifunanso, tapani ndalama zonse zotsalamo, muichotse ku akaunti ya kubanki, ku WhatsApp ndi ku Facebook, kenako muidule simukhadiyo ndi sizasi podutsa pakachitsulo kagolide kaja. Kuichotsa kumaakauntiko n'kofunika chifukwa nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaipereka kwa munthu wina, ndipo mauthenga anu a kubanki angamapite kwa mlendo.

Tsopano zosaoneka. Ngati foni ikuyaka, samutsani zithunzi ndi manambala kaye. Mukhoza kuzikopera pakompyuta ndi waya, kuziika pamemorikhadi, kapena kuzitumiza kufoni yatsopano. Za WhatsApp lowani pa Settings, Chats, kenako Chat backup. Zimadya bandulo, choncho ngati n'zambiri dikirani mpaka mutapeza WiFi. Tsegulani zithunzizo kumene mwazisamutsira muone ngati zafikadi musanafufute chilichonse.

Pafoni ya Android, musathamangire kufomata. Yambani mwachotsa akaunti yanu ya Google pa Settings, pagawo la Accounts. Mukafomata akauntiyo ikadali momwemo, makamaka kudzera m'mabatani a m'mbali, foni ikayaka imafunsa imelo ndi pasiwedi ya mwini wakale, ndipo amene mwam'patsayo amangokhala ndi njerwa m'manja mpaka akalipire kwa ofulasha. Akaunti ikachoka, fufuzani mawu akuti Reset, musankhe Erase all data. Foni ikhale ndi moto wokwanira, isazime ntchito ili m'kati. Pa iPhone, tulukani mu iCloud ndi kuzimitsa Find My, kenako mupite pa General, Transfer or Reset iPhone, Erase All Content and Settings. iPhone yosachotsedwa iCloud ngakhale tekinishani amaigula ngati zipangizo chabe.

Mafoni a mabatani amasunganso mauthenga ndi manambala. Fufutani pamanja ma SMS onse, makamaka a ndalama, chifukwa pa ena Restore factory settings imangobweza kalilidwe ndi maonekedwe a foni, mauthenga n'kutsala. Ikafunsa nambala yachinsinsi, ma Nokia amabwera ndi 12345, ndipo ena ambiri ndi 1234 kapena 0000, ngati simunasinthe.

Nanga foni yoyaka koma sikirini yosamva chala? Pali kanzeru kamene anyamata okonza mafoni amagwiritsa ntchito: kawaya ka OTG kolumikiza mausi ya kompyuta kufoni. Kamuvi kamaoneka pasikirini, n'kumadina ngati pakompyuta. Si mafoni onse amalola, koma Tecno yathu inalola, ndipo tinapulumutsa zithunzi za ubatizo wa mwana zimene tinkayesa zinapita.

Foni yakufa ndithu simungaifomate. Chimene mungachite ndi kulowa mu akaunti yanu ya Google pafoni ina, pagawo la Security, n'kuichotsa foni yakufayo pamndandanda wa zipangizo zanu, kenako kusintha mapasiwedi a imelo, Facebook ndi apu ya kubanki. Ma Android a zaka zaposachedwa amabisa zonse zam'kati mwakuti popanda PIN yanu siziwerengeka, choncho ngati munkaikiya, mtima ukhale pansi. Ngati inali yakale yosakiya ndipo munali zinthu zimene simungafune kuti ziyende m'magulu a WhatsApp, pitani nayo kwa tekinishani, aitsegule inu muli pomwepo, aboole kachipangizo kosunga zinthu kali pabodi, kathabwa ka m'kati mwa foni kokhala ndi tizipangizo tamagetsi, musanaisiye.

Chachitatu, funsani ngati yafadi

Foni imene ingagwirenso ntchito zaka ziwiri si yopita kukaphwanyidwa. Zimene zimagonetsa mafoni ambiri ndi batire, sikirini ndi potchajira, ndipo zonsezi zimasinthidwa. Funsani mtengo kwa okonza awiri kapena atatu, ku Limbe, ku Malangalanga kapena pamsika wa kwanuko. Ine ndimayendera lamulo ili: kukonza kukaposa theka la mtengo wa foni yofanana nayo yogwiritsidwapo kale ntchito, ndimaisiya.

Yokalamba koma yoyaka ili ndi ntchito zambiri. Agogo kumudzi akufuna yolandirira ndalama ndi yosunga moto masiku anayi, osati ya kamera zitatu. Ina ikhoza kukhala wailesi ya kukhitchini, ina tochi ya nthawi ya mabulakauti, ina ya paokala kuti foni yanu yeniyeni isamagwiridwe ndi manja a mafuta. Batire la Nokia lolembedwa BL-5C, ngati silinatupe, limalowa m'mawailesi ang'onoang'ono ambiri ogulitsidwa m'misika.

Mawu amodzi kwa abale a ku Joni ndi ku Ulaya: tumizani kumudzi foni imene inuyo mungaigwiritse ntchito mawa. Yotsala mwezi umodzi kuti ife, yokiyidwa ku netiweki ya kumeneko, kapena yotupa batire, si mphatso. Mwangosamutsira chinyalala kudziko kumene kulibe kochitaya.

Chachinayi, batire

Tsiku lina mlamu wanga anasesa pabwalo, n'kuyatsa zinyalala kudzala monga mwa masiku onse. Munali batire la foni. Linaphulika ngati mfuti, nkhuku mbwee kuthawa, ndipo kachidutswa koyaka kanagwera pafupi ndi mpanda wa udzu. Kukanakhala kamphepo, bwenzi nkhani ili ina.

Mabatire a mafoni ndi a lithium. Akabooledwa, kupindidwa kapena kutenthedwa, amayaka okha ndi moto wovuta kuzima, ndipo utsi wake ndi wapoizoni. Kutupa kumatanthauza kuti m'kati mwadzaza mpweya chifukwa lawonongeka. Pali ena amaliboola ndi singano kuti liphwe n'kulibwezera m'foni, ena amalimanga ndi labala. Musatero. Musalilumenso kapena kulipatsa mwana kuti aziseweretsa.

Ngati batire ndi lochotseka, lichotseni, mumate selotepi pa timano take tachitsulo kuti tisakhudzane ndi makiyi, ndalama zachitsulo kapena batire linzake. Lililonse likhale m'kapepala kake. Lotupa liikeni m'chitini kapena mumphika wadothi wothira mchenga wouma, pamthunzi, kutali ndi mbaula, palafini, denga la udzu ndi ana. Chitinicho musachitseke kothina. Ngati batire ndi lomatidwa m'kati, monga zilili m'mafoni ambiri a masiku ano, musalitokose ndi mpeni. Nyamulani foni yonse kwa wodziwa. Likayamba kutentha, kununkha kapena kufuka, lichotseni m'nyumba ndi fosholo, muliike padothi poyera, mulithire mchenga wambiri ndi kuima patali kumene utsi sukupita.

Kuponya m'chimbudzi, kumene ambiri timayesa ndi njira yaukhondo, kumangobisa vuto pansi. M'midzi ndi m'makomboni ambiri chitsime sichikhala kutali ndi chimbudzi, ndipo zitsulo za m'batire ndi za pabodi, kuphatikizapo mtovu umene unkamatira ziwiya za mafoni akale, siziwola. Mtovu umawononga ubongo wa ana aang'ono, ndipo suoneka kapena kumveka m'madzi.

Chachisanu, muipereke kwa ndani

Apa tisanamizane. Lipoti la Global E-waste Monitor 2024, lolembedwa ndi ITU ndi UNITAR, mabungwe a United Nations, likusonyeza kuti m'chaka cha 2022 dziko lapansi linatulutsa matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo 22.3 peresenti yokha ndiyo inasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso m'njira yolembedwa. Mu Africa chiwerengerocho sichinafike ndi 1 peresenti yomwe. Rwanda ili ndi fakitale yokonzanso zinyalala zotere ku Bugesera, Kenya ili ndi malo ake otchedwa WEEE Centre ku Nairobi, koma kwathu kuno simupeza bokosi loponyamo mafoni akale pagolosale iliyonse. Choncho kusankha manja oyenera ndi ntchito yanu.

Munthu woyamba ndi tekinishani wodziwika, wokhala ndi benchi lake pamalo amodzi. Kwa iyeyo foni yakufa ndi nkhokwe: sikirini, sipika, kamera, mabatani, timasikuluwu, zonse zimakadzutsa mafoni a anthu ena. Mukam'tengera angapo, kambiranani. Akhoza kukupatsani kandalama, kapena kukukonzerani imodzi mwaulere posinthana ndi otsalawo, monga ndinachitira ine. Mufunseni funso limodzi: "Achimwene, mabatire ndi zotsala mumapita nazo kuti?" Akayankha kuti amasunga mabodi m'thumba kudikira ogula, ndipo mabatire amawaika padera, ameneyo ndi wabwino. Akaloza ngalande ya kuseri kwa msika, yesani wina.

Ogula mabodi alipo, ena oyendayenda monga amachitira ogula zitsulo zakale. Mabodiwo amasonkhanitsidwa n'kutumizidwa kunja, kumene kuli ng'anjo zotha kulekanitsa golide, siliva, kopa ndi palladium popanda kuipitsa mpweya. Imodzi yodziwika ndi ya kampani ya Umicore ku Hoboken, m'dziko la Belgium. Kugulitsa kwa oyendayendawa si kulakwa, koma dziwani kuti iwo akufuna bodi lokha. Batire ndi pulasitiki angazitaye pakona yotsatira. Choncho batire litsale ndi inu mpaka mutapeza kolisiya.

Ngati mafoni ndi ambiri, monga a kuofesi, kusukulu kapena kubungwe, musawapereke kwa munthu wamba. Funsani ku MEPA, bungwe loona zachilengedwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Environment Management Act la 2017, kuti akuuzeni amene ali ndi chilolezo chonyamula ndi kusunga zinyalala zoopsa. Ofesi ya zachilengedwe kukhonsolo ya boma lanu kapena ya mzinda ndi pena poyambira. Funsaninso kushopu kumene mukugula foni yatsopano ngati amalandira yakale. Mwina akana, koma ogulitsa amasintha akamva funso lomwelo kwa makasitomala khumi pasabata. Chongopewa n'kuisakaniza ndi zinyalala za m'bini, chifukwa ikathera kumalo otayira zinyalala ku Mzedi ku Blantyre kapena ku Area 38 ku Lilongwe, kumene moto umayaka kawirikawiri ndipo anthu amatola zinthu ndi manja.

Amene muli ku South Africa zinthu n'zosavutirapo: kuyambira 2021 malamulo akumeneko amakakamiza opanga ndi oitanitsa zipangizo zamagetsi kusamalira zinyalala zake, ndipo masitolo ena akuluakulu ali ndi mabini ake. Ku Britain malo otayira zinyalala a khonsolo amalandira mafoni, masupamaketi amalandira mabatire, ndipo Apple ndi Samsung amachotsera mtengo wa foni yatsopano mukapereka yakale imene ikadali ndi phindu.

Pogulitsa foni yoyaka, lembani IMEI yake, nambala yapadera ya foniyo imene imaoneka mukaimba *#06#, pamodzi ndi tsiku ndi dzina la wogula, musunge kapepalako. Foniyo ikadzapezeka pamlandu, muli ndi umboni wa tsiku limene inachoka m'manja mwanu. Tekinishani akakufunsani umboni woti ndi yanu, musakwiye. Mafoni obedwa amathera kumabenchi omwewo ndipo iye akudziteteza.

Chachisanu ndi chimodzi, musapite nokha

Muzimva anthu akunena kuti m'foni muli golide, ndipo n'zoona. Koma m'foni imodzi muli pafupifupi 0.03 ya galamu, kutanthauza kuti pamafunika mafoni oposa 30 kuti papezeke galamu imodzi, ndipo imeneyo imatuluka ndi makina a fakitale. Mavidiyo a pa YouTube osonyeza anthu akusungunula mabodi ndi asidi kuseri kwa nyumba muziwangoonera. Mudzapsa manja ndi mapapo musanaone kagolide kokwana kugula mchere.

Phindu la zinthuzi lili m'kuchuluka. Pokonzekera masewera a Olympic a Tokyo 2020, dziko la Japan linapempha anthu wamba kuti abweretse zipangizo zawo zakale. Kuyambira Epulo 2017 mpaka Malichi 2019 panasonkhana mafoni pafupifupi 6.21 miliyoni pamodzi ndi zipangizo zina zing'onozing'ono, ndipo munatuluka makilogalamu 32 a golide, 3,500 a siliva ndi 2,200 a bronze, zokwanira mamendulo onse pafupifupi 5,000. Aliyense ankangobweretsa foni imodzi kapena ziwiri, koma mabokosi olandirira anali ponseponse. Ndikaganiza kuti gawo lalikulu la cobalt, chitsulo cha m'mabatire athu, pafupifupi 70 peresenti ya dziko lonse, limakumbidwa ku DR Congo, makamaka kuzungulira mzinda wa Kolwezi, ena akukumba ndi manja m'maenje ogumuka, zimandiwawa kuona chitsulo chomwecho chikuthera m'chimbudzi.

Ife sitipanga mamendulo, koma nzeru yosonkhanitsa tili nayo kale. Banki mkhonde imakumana sabata iliyonse. Kumpingo kuli milaga ndi miphakati, kusukulu kuli komiti ya makolo. Sankhani munthu mmodzi wosunga katoni ya mafoni ndi ndowa yachitsulo ya mchenga ya mabatire, m'chipinda chokiyidwa chosatentha. Aliyense abweretse foni atachotsamo kale simukhadi ndi memorikhadi, ndipo mlembi alembe dzina ndi chiwerengero. Musayambe kusonkhanitsa musanapeze wodzatenga, chifukwa mulu wa mabatire wosadziwika kopita ndi woopsa kuposa batire limodzi pansi pa bedi. Ndi mafoni 50 m'katoni mumatha kukambirana mtengo, ndipo wogula amabwera yekha. Ngati mukufuna tsiku loyambira, pa 14 Okutobala chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira zinyalala za zipangizo zamagetsi padziko lonse, ndipo aphunzitsi akhoza kuligwiritsa ntchito.

Machaja, mawaya ndi zomvera m'makutu zipite m'katoni yomweyo. Amene akugwira ntchito apatseni anzanu. Akufawo ali ndi kopa m'kati, ndipo anyamata ena amawaotcha kuti pulasitiki isungunuke. Utsi wakuda umenewo ndi umene unatchukitsa msika wa zitsulo zakale wa Agbogbloshie ku Accra, m'dziko la Ghana, malo amene boma linagwetsa mu 2021. Waya amasendedwa ndi mpeni ngati nzimbe, osaotcha.

Za mafoni 7 aja: itel imodzi ili kwa apongozi ku Ntcheu, inayo ndi wailesi ya kukhitchini. Tecno inalandira sikirini yatsopano posinthana ndi mafoni awiri opanda mwini aja pamodzi ndi bodi la Samsung. Batire lotupa likadali m'chitini cha mchenga kuseri kwa nyumba, kudikira katoni ya kumpingo. Nokia ya malemu bambo ndinaichotsa batire n'kuibweza m'kachikwama, ndipo mayi a kunyumba anaona koma sananene kanthu.